Mapadi ndi madisiki n'zatsopano, nanga phokosoli likuchokera kuti?

Makalata angapo amene talandira ulendo uno akudandaula chinthu chimodzi: munthu wagula mapadi ndi madisiki a mabuleki atsopano, zamangidwa, koma akangoponda buleki galimoto ikulira kuposa kale. Tawaika pamodzi chifukwa mayankho ake akulowerana. Makalata ena tawafupikitsa.

Funso: Akatswiri, ndinasinthitsa mapadi ndi madisiki akutsogolo masabata awiri apitawo. Galimoto ikuima bwino, koma ndikamayandikira poima, makamaka ndikaponda pang'ono, imalira kuti tswiii mpaka anthu kucheuka. Ndikaponda mwamphamvu phokosolo limatha. Amakaniko akuti ndipirire, lidzatha lokha. Kodi akunena zoona?

Yankho: Zoona zilimo, koma si zonse. Tiyambe ndi chimene chikuliracho. Padi ikakanikiza disiki sitsetsereka mosalala ayi. Imagwira n'kutaya, kugwira n'kutaya, kambirimbiri pa sekondi imodzi. Zimenezi zimanjenjemeretsa padi, kalipa (chitsulo chimene chimafumbatira mapadi pa disiki) ndi disiki, ndipo disikiyo, poti ndi chitsulo chozungulira, imalira ngati belu. Kulira kosongoka ngati kwanuku kumabwera chitsulo chikamanjenjemera maulendo opitirira 1,000 pa sekondi, nthawi zina mpaka 10,000 ndi kuposa. Mukaponda mwamphamvu pisitoni ya m'kalipa, imene imakankha padi, imapanikiza zonse pamodzi, chopeza mpata wonjenjemera chimasowa, phokoso n'kutha. Choncho zimene mwalembazi zikutiuza kuti si zitsulo zikudyana, koma pali chinthu chimene sichinakhazikike.

Tsopano za kupirira. Padi yatsopano ndi disiki yatsopano zimakhala zisanadziwane. Pamaso zimaoneka zosalala, koma zimakhudzana pa timalo tochepa chabe. Zikagwira ntchito pa kutentha koyenera, padi imadyeka mpaka kugona ndendende pa nkhope ya disiki, ndiponso imapaka pa disikiyo kautoto kotuwa kopyapyala kochokera m'thupi mwake momwe. Kautotoko kakayala mofanana kuzungulira disiki yonse, kugwira n'kutaya kuja kumachepa. Vuto ndi loti woyendetsa wofatsa, amene amangogusa buleki pang'onopang'ono m'misewu yothithikana, satenthetsa mapadi mokwanira. M'malo moyala kautoto kaja amangopukuta nkhope ya padi mpaka iwale ngati galasi. Wotereyu akhoza kupirira chaka chathunthu phokoso lili pomwepo.

Mapadiwo muwazoloweretse dala. Pezani msewu wowongoka, wouma, wopanda magalimoto ambiri, ndipo muziyang'ana pagalasi kuti kumbuyo kulibe wina. Thamangani makilomita 60 pa ola, pondani buleki ndi mphamvu yapakatikati mpaka liwiro litsike kufika pa 10 kapena 15, musaime, onjezeraninso moto. Bwerezani maulendo 8 kapena 10, mukusiya theka la mphindi pakati pake. Kenako chitaninso katatu kapena kanayi kuyambira pa makilomita 80, mopondako mwamphamvu koma osafika poti ABS, makina oletsa matayala kuti asaime nji n'kutsetsereka, iyambe kugunda kuphazi. Mukamva kafungo ka zopserera musadabwe, ndi utomoni womanga padi ukupsa pamwamba. Mukatero yendani mphindi 5 mpaka 10 osakhudza buleki kuti zitsulo zizizire ndi mphepo.

Cholakwa chachikulu ndi kuima nji phazi lili pa buleki madisiki akali moto. Padi imadinda chithunzi chake pamalo amodzi a disiki, ndipo pamenepo pamayamba kugwira kuposa pena paliponse. Mukakakamizika kuima, ndipo malowo ndi athyathyathya, chotsani giya n'kunyamula phazi.

Ngati m'bokosi la mapadi munali kapepala ka opanga, tsatirani kameneko, chifukwa ena amafuna kuponda kofatsa kokhakokha pa makilomita 200 kapena 300 oyambirira. Phokoso likakana kutha patapita masiku awiri kapena atatu, bwererani kwa amakaniko anu. Pamenepo nkhani yakhala ya kamangidwe, ndipo yankho lachitatu pansipa ndi lanunso.

Funso: Ndinamanga ndekha kunyumba. Madisiki anabwera ali ndi timafuta tonanda ndipo ndinangowapukuta ndi kansanza. Tsopano akulira, komanso buleki sikugwira ngati kale. Ndalakwitsa pati?

Yankho: Mwalakwitsa pa kansanzapo. Timafuta timeneto amapaka kufakitale kuti disiki isachite dzimbiri m'bokosi, ndipo kansanza kouma kamangotimwaza. Tinayenera kuchoka ndi brake cleaner, mankhwala opopera otsukira mabuleki, kapena ndi madzi otentha ndi sopo wotsukira mbale, mbali zonse ziwiri, mpaka nsalu yoyera ikadutsapo izituluka yoyera. Madzi a sopo ali ndi ubwino wina: amachotsa tizitsulo tosaoneka totsalira posema disiki, timene tikapanda kuchoka timakalowa mu padi. Madisiki ena amabwera ndi utoto wotuwa wouma thupi lonse. Amenewo si opala ayi, padi imaudya yokha utotowo pa kuponda koyambirira.

Pano masulani mapadiwo muwaone. Ngati nkhope yake yangowala koma ndi youma, ikhoza kupulumuka. Yalani sandipepala wa nambala 120 pamalo athyathyathya enieni, monga pa galasi lochindikala, gonekani padi chafufumimba n'kumaikwecha mozungulira mpaka kuwala kuthe. Musakwechere m'manja, mudzaidya mbali imodzi. Koma mukaona madontho akuda ngati onyowa, mafuta alowa m'kati. Padi ili ndi timabowo ngati siponji, imamwa mafuta, ndipo ikatentha imawalavulanso pa disiki. Yoteroyo ndi yotaya, ndipo mapadi amasinthidwa onse anayi, kumanzere ndi kumanja. Zoti aiwotche pamoto kuti mafuta atuluke musamvere, moto umapha utomoni ndi guluu womata padi ku chitsulo chake, ndipo tsiku lina idzamatuka muli pa liwiro.

Disiki yokha siwonongeka ndi mafuta. Itsukeni, ikwecheni mozungulira ndi sandipepala wa 120 kapena 150 mbali zonse kuti zimene padi yodetsedwa inapakapo zichoke, itsukeninso. Pomanga manja akhale oyera, chifukwa chala chimodzi cha girisi pa nkhope ya padi chikwanira kubwezeretsa vutoli. Fumbi la mabuleki musalipemerere ndi mpweya wa kompuresa kapena ndi pakamwa. Mapadi ena akale, kapena osadziwika kumene anachokera, amatha kukhala ndi asibesitosi, amene amawononga mapapo. Linyowetseni fumbilo, ndipo valani chophimba mphuno pokwecha.

Funso: Ndayesa kuzoloweretsa mapadi pamsewu kawiri konse, phokoso silikutha. Ndikufuna kumasulanso ndekha. Ndiyang'ane chiyani? Nanga girisi ndipake pati? Wina akuti wa kopa, wina akuti yemwe uja wa m'mabeyaringi ndi wokwanira.

Yankho: Apa ndi pamene pagona nkhani, chifukwa mabuleki ambiri olira atangosinthidwa amalira kaamba ka zitsulo zakale zimene zinatsalapo, osati zatsopano zimene zinalowa.

Imikani galimoto pamalo olimba athyathyathya, pingani matayala otsala pansi, ndipo mukakweza ndi jeke ikani sitandi. Jeke yokha si yodalira munthu ataika manja m'kati. Masulani mbali imodzi yokha kuti inayo ikhale yoonera mukaiwala mmene zinalili. Kalipa mukaichotsa ikolowekeni ndi waya ku sipuling'i, isalendewere pa paipi yake ya labala.

Musanapukute chilichonse, werengani mapadi. Nkhope yonse iyenera kuonetsa kuti ikukhudza disiki. Ngati yakhudza kumtunda kokha kapena nsonga imodzi, padiyo yapendekeka, ndiye kuti yakanirira penapake. Ngati yam'kati yagwira ntchito kwambiri pamene yakunja ikuoneka ngati yangotuluka m'bokosi, kalipa sikutsetsereka pa mapini ake.

Kenako bulaketi, chitsulo chija mapadi amakhalamo. Padi ili ndi makutu awiri amene amayenda m'timipata ta bulaketi, pamwamba pa timakilipi tonyezimira. Muyezo wake ndi wosavuta: padi ilowe ndi zala, iyende uku ndi uku ndi zala, koma isagwedere. Ngati inalowa ndi hamala, vuto mwalipeza. Kawirikawiri dzimbiri limamera pansi pa makilipi, limatupa n'kuwakankhira m'mwamba, mpata n'kuchepa. Ambiri amapukuta pamwamba pa kilipi n'kusiya dzimbiri lili pansi. Chotsani makilipiwo, palani timipatato ndi tupa ndi bulashi ya waya mpaka chitsulo chiwale, pakani girisi wochepetsetsa kuti dzimbiri lisabwerere msanga, ikani makilipi atsopano. Akale amakhala atafooka ndi kutentha, sagwiranso padi molimba, ndipo ntchito yawo ndi imeneyo. Nthawi zina vuto ndi utoto wochindikala pa makutu a padi yatsopano. Palani utoto wokhawo. Mukadya chitsulo padi idzagwedera, ndipo mudzayamba kumva kuti go! nthawi iliyonse mukasintha kuchoka kutsogolo kupita chambuyo.

Mapini awiri amene kalipa imatsetserekapo asololeni, apukuteni, pukutaninso m'mabowo mwake. Pini yadzimbiri kapena yokumbika isinthidwe, chimodzimodzinso kalabala kovindikira ngati kang'ambika. Pa magalimoto ambiri pini imodzi ili ndi kalabala kunsonga kochepetsa kunjenjemera, ndipo iyenera kubwerera m'bowo lake lomwe, choncho sololani imodziimodzi. Apa mpamene girisi wa m'mabeyaringi amawononga zinthu. Amapangidwa kuchokera ku mafuta a m'nthaka, ndipo labala wa mabuleki akakumana ndi mafuta oterowo amatupa. Kalabala kakatupa pini imagwidwa nga, kalipa n'kuleka kuyenda. Pa mapini pakani girisi wa silikoni wopangira mabuleki, wopyapyala thupi lonse la pini. Musathire wambiri m'bowo, chifukwa amatsekera mpweya kumapeto ndipo pini imakana kulowa yonse.

Wa kopa naye ali ndi malire ake. Amapirira kutentha, ndipo pa makutu a padi amathandiza, koma mitundu yambiri ilinso ndi mafuta omwe aja otupitsa labala, ndiye ku mapini asayandikireko. Pa kalipa ya aluminiyamu sitimulimbikitsa, chifukwa kopa ndi aluminiyamu zikakumana pali chinyezi, aluminiyamu amadyeka. Ife tingasankhe girisi wa seramiki wa mabuleki pa malo onse amene chitsulo chikhudza chitsulo: pa makutu, pamene pisitoni imagunda kumsana kwa padi yam'kati, ndi pamene zala za kalipa zimagwira padi yakunja. Muyezo wake ukhale ngati mutu wa machesi pamalo aliwonse, n'kuyala ndi chala. Wochuluka amasungunuka, amatola fumbi, mwinanso n'kuyenderera mpaka pa disiki.

Yang'ananinso mashimu, timalata topyapyala takumsana kwa padi. Ndito timameza kunjenjemera kusanafike ku kalipa, ndipo tambiri tili ndi kalabala kopyapyala pamwamba. Mapadi ena amabwera nato tomatiratu. Ena, makamaka a magalimoto a ku Japan, amafuna kuti musamutse akale kapena mugule paokha, ndipo si zachilendo kupeza kuti anatayidwa limodzi ndi mapadi akutha. Padi yopanda shimu pa galimoto imene inapangidwa kuti ikhale nayo idzalira basi. Ngati kumsana kwa padi kuli kapepala komatula ndi guluu pansi pake, pamenepo sipafuna girisi. Matulani kapepalako, yeretsani pisitoni ndi zala za kalipa kuti guluu agwire.

Chotsiriza ndi mbali. Mapadi ena ali ndi muvi wosonyeza kumene disiki imazungulira galimoto ikamapita kutsogolo, ena alembedwa L ndi R, ena yam'kati ndi yosiyana ndi yakunja. Akasinthanitsidwa amalowa ndithu, koma amalira.

Mabawuti mumange ndi torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira, imene imawerengedwa mu Nm. Pa magalimoto ang'onoang'ono a mapini amakhala cha pakati pa 25 ndi 35 Nm, a bulaketi cha pa 80 mpaka 120 Nm, koma nambala yeniyeni ili m'buku la galimoto yanu. Musanachoke pamalopo popani pedulo ya buleki mpaka ilimbe, chifukwa pisitoni munaibweza m'kati ndipo kuponda koyamba kumapita pansi osagwira kanthu. Mukatha zonsezi zoloweretsaninso mapadi pamsewu.

Funso: Yanga ikulira ndisanaponde n'komwe. Ndikangonyamuka ndimamva kwe-kwe-kwe, ndipo ndikawonjezera liwiro nakonso kumafulumira. Pokhota kumasintha. Zinayamba tsiku lomwe anandisinthira madisiki.

Yankho: Phokoso loyenda ndi tayala buleki isanapondedwe limatanthauza kuti pali chimene chikukhudza disiki nthawi zonse. Woyamba kumukayikira ndi lata lopyapyala la kuseri kwa disiki, loteteza ku matope ndi miyala. Pochotsa disiki yakale yokanirira anthu amamenya ndi hamala, latalo n'kupindika. Komanso disiki yatsopano ndi yochindikala kuposa yakutha ija, choncho mpata umene unalipo wachepa. Kwezani galimoto, zungulizani tayala ndi manja, mverani. Mukachotsa tayala mudzaona kamzere kowala pa lata pamene pakukhudza. Likankheni ndi dzanja kapena ndi sikuludiraiva kuti pakhale mpata wa mamilimita angapo kuzungulira konse. Kamwala kolowa pakati pa lata ndi disiki kamalira chimodzimodzi.

Ngati si latalo, onani kachitsulo kochenjeza kamene kali pa mapadi ena. Kanapangidwa kuti kakhudze disiki n'kulira padi ikatsala mamilimita 2 kapena 3, koma kakapindika pomanga kamayamba ntchito tsiku loyamba. Kilipi ya pa bulaketi yosakhala bwino nayo imatha kukanda m'mphepete mwa disiki.

Ku matayala akumbuyo kuli chinanso. Magalimoto ena ali ndi timashuzi ta handibuleki m'kati mwa chipewa cha disiki. Disiki ikasinthidwa timashuzito tiyenera kutcheredwanso: mumamanga kagudumu kotcherera mpaka disiki ikane kuzungulira, n'kubweza mano angapo mpaka izungulire momasuka. Mukapanda kutero timakhula.

Zonsezi zikapezeka zili bwino, phokoso n'kukhala longa kung'ung'udza kumene kumakula mukakhotera mbali imodzi, yesani beyaringi ya tayala. Nayo imavulala ndi hamala yomweyo.

Funso: Ine ndine mayi woyenda ulendo waufupi tsiku lililonse. Mabuleki amakhula ndi kulira m'mawa mokha, makamaka kukagwa mvula. Ndikayenda pang'ono zimatha. Ndide nkhawa?

Yankho: Ayi mayi. Madisiki ambiri ndi a chitsulo chosungunula chimene chimachita dzimbiri msanga, ndipo usiku umodzi wachinyezi ukwanira kuti pamere kadzimbiri kofiirira. Kuponda katatu kapena kanayi kumakachotsa. Mukatsukitsa galimoto muziyendako pang'ono mukuponda buleki kuti madisiki aume musanaiimike. Mudzade nkhawa phokoso likadzakana kutha mutayenda makilomita angapo.

Funso: Mnzanga akuti ndipopere mafuta a WD-40 pa disiki phokoso lithe. Nditero?

Yankho: Musayerekeze. Phokoso lidzathadi, limodzi ndi buleki. Mafuta alionse pa disiki amachotsa kugwira kumene kumaimitsa galimoto, ndipo mapadi akamwa ndi otaya. Chololedwa kupopera pa disiki ndi brake cleaner yekha, amene amauma osasiya kanthu. Ngakhale mankhwala owalitsa matayala muzipopera mosamala kuti asadutse m'mipata ya limu.

Funso: Poyamba zinali bwino. Nditayenda makilomita pafupifupi 3,000, chiwongolero chayamba kunjenjemera ndikaponda buleki pa liwiro, ndipo kaphokoso kakubwera modukizadukiza. Ogulitsa akuti madisiki apindika chifukwa ndimayendetsa moipa.

Yankho: Tikukayika kuti apindika. Disiki kupindika ndi kutentha n'kosowa pa galimoto yoyenda mwa masiku onse. Chimene chimachitika kawirikawiri ndi ichi: disiki inamangidwa pa habu (chitsulo chimene disiki ndi tayala zimamangidwapo) yadzimbiri, ndipo inakhala mopendekeka pang'ono kuyambira tsiku loyamba. Kachidutswa ka dzimbiri kopyapyala ngati tsitsi pa habu kamakula mphamvu pofika m'mphepete mwa disiki, chifukwa kumeneko ndi kutali ndi pakati. Disiki yotero imayenda mopepeluka, ndipo pa kuzungulira kulikonse malo ake okwera amagusa padi ngakhale simunaponde. Pakapita makilomita masauzande angapo malo amenewo amadyeka, disiki n'kukhala yochindikala pena, yopyapyala pena. Kusiyana kwa mamilimita 0.02 okha kumatha kumveka kuphazi ndi pa chiwongolero. N'chifukwa chake vutoli silioneka sabata yoyamba.

Zimenezi zimayezedwa, si zongokangana. Disiki imangidwe pa habu ndi manati ake tayala litachotsedwa, dial gauge, kachida kokhala ngati wotchi koyezera kupepeluka, iikidwe pafupifupi mamilimita 10 kuchokera m'mphepete, disiki izungulizidwe kamodzi. Magalimoto ambiri amalola kupepeluka kosapitirira mamilimita 0.05 kapena kuposerapo pang'ono. Kukapitirira, chotsani disiki, palani nkhope ya habu mpaka iwale, makamaka m'tsinde mwa mabawuti ndi pa khosi lapakati, bwezerani, yezaninso. Mukhozanso kuisuntha disiki bowo limodzi n'kuyeza, mpaka mutapeza pamene nambala yatsika kwambiri. Ikakanabe, yezani habu payokha, mwina ndiyo yapindika kapena beyaringi yagwedera. Pakati pa habu ndi disiki musapake girisi wochindikala, amachita zomwe dzimbiri limachita.

Kamangidwe ka tayala nakonso kamapendeketsa disiki. Mfuti ya mpweya yomangira manati imamanga nati imodzi mopyola zinzake. Manati ayambe ndi manja, amangidwe modumphadumpha ngati mukujambula nyenyezi, amalizidwe ndi torque wrench. Magalimoto ang'onoang'ono ambiri amafuna pakati pa 100 ndi 120 Nm, mwachitsanzo Toyota Corolla imafuna 103 Nm.

Madisiki anuwa, ngati asiyana kale kuchindikala, kupala habu kokha sikuwachiritsa. Akhoza kusemedwa pa makina malinga ngati satsika kupyola nambala yodindidwa pa disikipo pafupi ndi mawu oti MIN TH, amene ndi malire a kupyapyala kwake. Apo ayi, agulidwe ena awiri, koma ulendo uno habu iyambe yayera.

Funso: Chisinthireni mapadi, tayala lakutsogolo kumanja limalira, limanunkha zopserera, ndipo limu yake imatentha kuposa inzake. Galimoto ikukokeranso mbali.

Yankho: Ili lokha si la mawa. Buleki ya mbali imeneyo sikumasuka mukachotsa phazi, ndipo kutentha kukapitirira kukhoza kuwiritsa mafuta a mabuleki, pedulo n'kupita pansi. Mafuta a mabuleki a mtundu wa DOT 4 atsopano amawira pa madigiri 230 kapena kuposa, koma akamwa chinyezi amatha kuwira cha pa 155.

Zogwira buleki ndi zitatu: padi yokanirira mu bulaketi, mapini ouma, kapena pisitoni. Ziwiri zoyambazo tafotokoza kale. Pisitoni imavuta chonchi: mapadi akale atatha inakhala nthawi yaitali itatuluka kunja, ndipo ngati kalabala kake kanang'ambika, mbali yotulukayo inachita dzimbiri. Poika mapadi atsopano anaikankhira m'kati ndi dzimbiri lomwelo, tsopano ikukanirira. Paipi ya labala nayo imatha kufa m'kati, kumalola mafuta kupita koma osabwerera, makamaka ngati kalipa inalendewera pa iyo kapena inamangidwa yopotoka.

Kusiyanitsa kwake n'kosavuta. Kwezani tayalalo, pondani buleki kangapo, chotsani phazi, yesani kulizunguliza. Likakana, masulani pang'ono kabawuti kotulutsira mpweya pa kalipa. Mafuta akathamanga n'kutuluka, tayala n'kumasuka, ndiye kuti mphamvu inatsekeredwa, kayikirani paipi kapena masitala silinda, pampu imene pedulo imakankha. Likakanabe, vuto lili pa kalipa penipeni, ikonzedwe ndi malabala atsopano kapena isinthidwe. Mukatero mpweya uchotsedwe m'mapaipi. Thirani mafuta a mtundu wolembedwa pa chivindikiro. DOT 3, DOT 4 ndi DOT 5.1 ndi a banja limodzi, koma DOT 5 ndi wa silikoni, sasakanizidwa ndi enawo. Mapadi amene apsa chonchi nthawi zambiri amakhala atawala kapena kung'aluka, ndipo disiki imasanduka yabuluu, choncho muzione bwino musanazibwezere.

Pa kalipa zakumbuyo zimene zimagwiranso handibuleki, pisitoni imabwezedwa mozunguliza ndi chida chake, ndipo timipata ta pankhope pake tiyenera kulunjika pa kachiphuphu ka kumsana kwa padi. Tikaphonyana padi imakhala mopendekeka n'kumakhula. Ngati handibuleki ndi yamagetsi, musanabweze pisitoni handibulekiyo iyambe yamasulidwa ndi kompyuta kapena mwa njira ya m'buku la galimoto.

Funso: Zonse zayeretsedwa, girisi ndi woyenera, mashimu alipo, koma kulira kulipobe. Kodi mwina ndi mapadi enieniwo? Amakaniko akufuna kusema m'mphepete mwake ndi tupa.

Yankho: N'zotheka, koma onani kuti funsoli taliika kumapeto. Mapadi amasiyana zopangira. Okhala ndi zitsulo zambiri amapirira kutentha ndi katundu wolemera, koma ndi aphokoso, makamaka akazizira, ndipo amadya disiki msanga. A zinthu zofewa ndi achete koma amatha msanga. A seramiki ndi achete, fumbi lake n'lochepa, ndipo pa galimoto yaing'ono yoyenda m'tauni ndi abwino, ngakhale kuti pa galimoto yokoka ngolo m'mapiri sitingawasankhe. Mapadi a mpikisano pa galimoto wamba amalira mwachibadwa, chifukwa safika pa kutentha kumene anapangidwira.

Pogula yang'anani zolembedwa. Chizindikiro cha ECE R90, chimene chimaoneka ngati E ndi nambala m'kabwalo kenako 90R, chimasonyeza kuti padiyo inayesedwa ndipo kagwiridwe kake sikasiyana ndi ka yoyambirira kupyola 15 pa 100 iliyonse. Sichilonjeza kuti padiyo ndi yachete, koma chimakupatulirani zosadziwika. Ena amalemba zilembo ziwiri m'mbali, monga FF kapena GG. Choyamba chimanena kagwiridwe padi isanatenthe kwambiri, chachiwiri itatentha. F ndi pakati pa 0.35 ndi 0.45, G ndi pakati pa 0.45 ndi 0.55; nambala ikakula ndiye kuti padi imagwira kwambiri. Ngati oyambirira anali FF, musatsike kupita pa EE.

Za kusemazo, mapadi abwino amabwera atasemedwa kale nsonga zake mopendekeka, ena ali ndi kamng'alu pakati, ndipo zonsezi n'zochepetsa phokoso. Pa padi ya m'mphepete mwakuthwa, kupha kuthwako ndi tupa milimita imodzi kapena awiri, mofanana pa mapadi onse anayi, kumathandiza nthawi zina, makamaka ikamangidwa pa disiki yakale yokhala ndi mlomo m'mphepete. Pa disiki yatsopano phindu lake ndi lochepa, ndipo padi ikadyeka kufika pamene panasemedwa phokoso limabwerera. Kusema kwakukulu ndi chopukusira sitikuvomereza, kumachepetsa malo ogwira ndipo padi imatentha msanga.

Mukaganiza zosintha mtundu wa mapadi, madisiki anu akali atsopano, musawataye. Akwecheni ndi sandipepala wa 120 mbali zonse kuti kautoto ka mapadi oyamba kachoke, chifukwa mitundu iwiri ikasakanikirana pa disiki imodzi imayambitsanso phokoso ndi kunjenjemera. Atsukeni ndi brake cleaner, mangani mapadi atsopanowo ndi makilipi ake, n'kukawazoloweretsa pamsewu kuyambira pa makilomita 60 pa ola monga tafotokozera m'yankho loyamba.